Kodi "presently" wa m'manyuzipepala akale uja ankatanthauza panopa kapena posakhalitsa?

Nankhoma: Moni nonse pa gulu. Odziwa Chingerezi ndithandizeni mutu waima. Ndikumasulira nkhani ina ya m'nyuzipepala yakale, ya m'ma 1890, yoti tikawerenge pa pulogalamu yathu ya mbiri yakale Lamlungu, nde mtolankhaniyo akufotokoza za moto umene unabuka m'sitolo usiku, anthu asonkhana, ena akuthamanga ndi ndowa, kenako chiganizo chotsatira chayamba ndi "presently" nkumati denga linagwa. Ine ndalemba kuti "panopa denga lagwa" koma ndikawerenga mokweza sizikumveka olo pang'ono, chifukwa nkhani yonse akukamba zinthu zoti zinachitika kale. Kapena analakwitsa ndi iyeyo?

Dolo wa Ndirande: kkkkk mzungu kulakwitsa chizungu chake chomwe? mwina anali atalawako

Aphunzitsi Opuma: Sanalakwitse mwanangu, ndipo khutu lako lakuuza zoona kuti "panopa" sakukhala bwino pamenepo. M'nkhani za nthawi imeneyo, liwu limenelo likakhala kumayambiriro kwa chiganizo chokamba zakale, limatanthauza "posakhalitsa" kapena "patapita kanthawi pang'ono". Lemba kuti posakhalitsa denga linagwa. Basi nkhani yayenda.

Mjoni: Aphunzitsi pepani sikuti ndikutsutsa akulu koma ife kusukulu anatiphunzitsa kuti presently ndi panopa. Kalata iliyonse yofunsira ntchito imene ndalembapo moyo wanga wonse ili ndi "I am presently working as" wakutiwakuti, ndipo ntchito zina ndinazipeza ndi kalata zomwezo. Nde mukuti zaka zonsezi ndakhala ndikuuza mabwana kuti ndiyamba kugwira ntchito posakhalitsa??

Dolo wa Ndirande: nchifukwa chake ankakulembani aise, ankaona ngati mulibe ntchito akumvereni chisoni kkkk

Aphunzitsi Opuma: A Mjoni khalani pansi, kalata zanu zili bwino. Vuto ndi loti liwu limodzili lanyamula matanthauzo atatu pa nthawi zosiyana. Loyamba ndi "nthawi yomweyo", osachedwa ngakhale pang'ono, ndipo ili ndi limene mumalipeza mwa Shakespeare. Lachiwiri ndi "posakhalitsa", ili ndi limene linadzaza manyuzipepala ndi mabuku a ku England a m'ma 1800. Lachitatu ndi lanulo, "panopa". Anthu ambiri amaganiza kuti lachitatuli ndi latsopano, kapena kuti analiyambitsa ndi a ku America, koma ayi, linalipo kale m'ma 1400. Chinachitika nchoti cha m'ma 1600 olemba mabuku a ku England analisiya, likungokhalabe pakamwa pa anthu m'madera ena, ndiye litabwereranso mwamphamvu m'zaka za m'ma 1900 akuluakulu a galamala anayamba kulithamangitsa ngati mlendo pomwe lili mwini mudzi.

Mkulu wa Mpingo: Ndilowepo pa tanthauzo loyambalo chifukwa linandipunthwitsapo pa gome. Baibulo la King James la 1611, Mateyu 21 ndime 19, pamene Ambuye anatemberera mkuyu, limati "And presently the fig tree withered away". Tsiku lina tinali ndi mlendo wolalikira mu Chingerezi ine ndikumasulira, ndiye ndinati posakhalitsa mkuyu unafota. Titatuluka gogo wina amene amadziwa Buku Lopatulika pamtima anandikokera pambali nkuti akulu, mkuyu uja sunadikire, unafota pomwepo, mwachepetsa chozizwitsa. Ndinachita manyazi koma anali kunena zoona, chifukwa ndime 20 ophunzira akuzizwa ndi kufulumira kwake komweko. Pamene a ku England anakonzanso Chipangano Chatsopano mu 1881 anachotsa presently pamenepo naika immediately, kusonyeza kuti pofika nthawi imeneyo owerenga anali atasiya kumva liwulo ngati "pomwepo". Muonenso Miyambo 12 ndime 16, mkwiyo wa chitsiru umadziwika presently, sikuti umadziwika patapita nthawi ayi, chitsiru chikakwiya mudzi wonse umadziwa pomwepo.

Nankhoma: Eeh nde 1881 yo ndi pafupi kwambiri ndi nkhani yangayi. Ndiye kuti mtolankhani wanga sakutanthauza kuti denga linagwa pomwepo eti?

Aphunzitsi Opuma: Ayi. Pofika m'ma 1890 tanthauzo la pomwepo linali litatsalira m'Baibulo ndi m'masewero akale. Wako akunena kuti padapita kanthawi.

Sabu Wakale: Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa mwafika pakhomo panga. Ine ndagwira pa desiki yokonza nkhani zaka zambiri ndithu ndipo chimene sichinatchulidwe ndi chifukwa chimene liwuli linkachulukira chonchi m'mapepala akale. Atolankhani a nthawi imeneyo ankalemba nkhani ngati mmene agogo amafotokozera za maliro amene apitako, kuyambira pamene ananyamuka pakhomo mpaka pamene anabwerera, mwandondomeko ya mmene zinachitikira. Nkhani ya moto imayamba ndi wapolisi amene anaona utsi, kenako belu, kenako khamu la anthu, ndipo kuti pafa anthu angati mumakazipeza kumapeto kwenikweni mutawerenga kale mizere makumi angapo. Kalembedwe kotere kamafuna timawu tokankhira nkhani kutsogolo, ndipo presently inali imodzi mwa timawu timeneto, pamodzi ndi thereupon, shortly afterwards, at length. Kwathu kuno ndi ntchito yomwe amagwira "kenako", "ndiyeno", "posakhalitsa", "atatero". Ndiye kutabwera kalembedwe koika chachikulu pamwamba, ndani wachita chiyani kuti liti, kamene kanakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makamaka ku America, timawu timeneti tinasowa ntchito chifukwa nkhani sikuyendanso motsatira wotchi. Presently wa posakhalitsa anachoka m'nyuzipepala osati chifukwa wina anamuletsa koma chifukwa mpando wake unachotsedwa.

Dolo wa Ndirande: retrenchment inafika mpaka kwa ma adverb kkkk

Sabu Wakale: Kkk ndithu a Dolo. Komanso musaiwale kuti ku London kunali atolankhani ena amene ankalipidwa potengera mizere imene alemba, ankawatcha ma penny-a-liner, nde munthu wotere nkhani ya moto saifupikitsa dala, aliyense amene anatsokomola pamalopo amalowa m'nkhani.

Che Mangochi: Achimwene a Sabu, nanga inuyo pa desiki mtolankhani akakubweretserani kuti nduna is presently ku Lilongwe munkatani?

Sabu Wakale: Ndinkadula. Osati kusintha ndi currently ayi, kudula basi. Mukati munthu ali ku Lilongwe, "ali" yo yanena kale kuti ndi panopa, liwu linalo likungodya malo. Buku la malamulo a kalembedwe la Associated Press, bungwe lofalitsa nkhani la ku America, kwa zaka zambiri linkalangiza kuti presently agwiritsidwe ntchito pa tanthauzo la posachedwa, osati panopa, ndipo kabuku kophunzitsa kalembedwe ka Chingerezi ka Strunk ndi White nakonso kamati popeza liwuli lili ndi matanthauzo awiri ndi bwino kulisiyira la posachedwa. Koma kunena chilungamo anyamata anga palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalilemba pa tanthauzo limenelo, onse ankatanthauza panopa, nde ine mmalo mokangana nawo tsiku lililonse ndinkangodutsitsa cholembera.

Mjoni: Mwaonatu, ndiye kuti a Malawi tonse tili mbali yanga

Nabanda ku Glasgow: Sikuti a Malawi okha achimwene. Ine nditangofika kuno ndinkadabwa kuti makalata a m'maofesi, zidziwitso za kutchalitchi, ngakhale maloya, amalemba presently kutanthauza panopa ngati mmene timachitira kwathu, pomwe mnzanga wina wachikulire wochokera kummwera kwa England akati "I'll be with you presently" amatanthauza kuti dikira kaye ndikumaliza zina. Ku Scotland tanthauzo la panopa silinafe ndi kale lomwe. Nde ine ndimaganiza kuti ife tinatengera kwa azungu a mishoni, taonani Livingstonia 1875, Blantyre Mission 1876, onsewo anali ochokera konkuno, a Robert Laws, a David Clement Scott, a Hetherwick. Makalaliki oyamba, aphunzitsi oyamba, omasulira m'makhoti, ambiri anadutsa m'manja mwawo. Ngakhale nyuzipepala imene inadzakhala Nyasaland Times anaiyambitsa mu 1895 ndi R. S. Hynde, nayenso wa ku Scotland, poyamba ikutchedwa Central African Planter. Ndiye chizungu chimene chinafika kwa agogo athu chinali ndi kafungo ka kuno.

Aphunzitsi Opuma: Achemwali a Nabanda maganizo anuwo ndi okoma ndipo za ku Scotland mwanenazo ndi zoona. Koma ine sindingawapatse a mishoni ulemu wonse. Pitani ku Nigeria, ku India, ku Kenya, kalata yofunsira ntchito ili ndi presently yemweyo, ndipo si konse kumene kunali a Laws. Ine ndimaona kuti chachikulu ndi maonekedwe a liwulo. Mwana waphunzira kuti present tense ndi nthawi ino, waphunzira kuyankha "present" aphunzitsi akamaitana mayina, waphunzira kuti ukaika ly kumapeto umapanga adverb, ndiye akaona presently aganiza chiyani? Palibe mwana angaganize za posakhalitsa. Ndaphunzitsa Fomu 3 ndi 4 zaka zambiri, sindinakumanepo naye. Kuonjezera apo liwuli ndi lalitali, limamveka la muofesi, ndipo ife kalata ya ntchito timafuna izivala tayi.

Nabanda ku Glasgow: Mwina zonse ziwiri aphunzitsi. Koma ine a mishoni sindikuwachotsa kkk, mawu ngati kirk session amene timanena ku CCAP anabwera pa ndege yanji?

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo mwandigwira. Anabwera pa sitima ya pamadzi koma.

Wa ku Chipata: Ine chimene chandigwira mtima ndi chakuti liwu lotanthauza pomwepo linatsetsereka mpaka kutanthauza dikira kaye. Kuno timati manje, ndipo munthu akafuna kutsimikiza amati manje manje, koma makanika akakuuza kuti motoka ikhala bwino manje manje pita ukadye nsima ugoneko

Mjoni: Kkkkk musandikumbutse. Kuno ku Joni kuli now, just now ndi now now, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ikutanthauza panopa. Sabata yanga yoyamba bwana wina anandiuza kuti "I'll pay you just now" ine nkuima pageti kudikira ndikuganiza kuti wapita kukatenga chikwama, dzuwa mpaka kupendeka ndili chiimire, mnzanga wa ku Mzimba ndi amene anadzandiuza kuti aise just now ya kuno imatha kufika mawa, ukamva now now ndiye pali chiyembekezo pang'ono

Dolo wa Ndirande: nanga ife tikamachoka pamalo sitimati "ndikubwera"? munthu akupita kumene msana ukuoneka koma akuti ndikubwera. ndi kondakitala uja amati yatsala munthu mmodzi ikunyamuka pompano, mkatimo mwadzaza anzake ongokhalira kuti izioneka yodzaza

Aphunzitsi Opuma: A Dolo lero mwanena za nzeru, ndikulembani present. Zimene mukusekazi ndi zomwe zinachitikira mawu angapo a Chingerezi, osati presently yekha. Soon amene timamudziwa ngati posachedwa, m'Chingerezi chakale kwambiri anali sona, kutanthauza pomwepo. Anon chimodzimodzi. By and by lero amamveka ngati m'tsogolo muno, koma a Mkulu wa Mpingo angatichitire umboni kuti pa Marko 6 ndime 25 mtsikana uja akupempha mutu wa Yohane Mbatizi by and by, ndipo sankatanthauza kuti mfumu ipeze nthawi yake, ankaufuna pomwepo m'mbale. Anthu akamalonjeza kuti ndichita pompano koma osachita, omvera amaphunzira kuchotserako, ndipo pakapita mibadwo liwulo limatha mphamvu, ndiye pamafunika lina latsopano loti litanthauze pomwepo zenizeni. Mu Hamlet, sewero la Shakespeare, muli malo amene ndinkakonda kuwerengera ana, nduna ya mfumu Polonius akuuza Hamlet kuti mayi ake akumufuna "and presently", kutanthauza tsopano lino, Hamlet akuzengereza nkumayankha kuti abwera by and by, kenako yekha akuti by and by ndi mawu osavuta kunena. Shakespeare ankawadziwa makondakitala.

Mkulu wa Mpingo: Umboni ndapereka, Marko 6:25 ili choncho ndithu.

Che Mangochi: Koma tisamaseke azungu okha, nanga posachedwapa wathuyu? Pa wailesi amati nduna inanena izi posachedwapa, kutanthauza masiku apitawa. Mawa lake omwewo akuti msewu ukhala utatha posachedwapa, kutanthauza kutsogolo. Liwu limodzi likuyang'ana kumbuyo ndi kutsogolo ngati bilimankhwe

Nankhoma: Ife ku ntchito anatiuza kuti posachedwa ndi za kutsogolo, posachedwapa ndi zapita, ka pa ko ndiye kamasiyanitsa

Che Mangochi: Lamulo limenelo lili m'buku mwina koma pakamwa pa anthu mulibe achemwali, mvetserani nkhani za 7 koloko mawa mundiuze

Wa ku Chipata: Kuno naonso amasakaniza, palibe amene amasokonezeka koma

Sabu Wakale: Palibe amene amasokonezeka chifukwa mneni ndi amene amanyamula nthawi, ndipo ndi njira yomweyo imene a Nankhoma angagwiritse ntchito pa presently akamapitiriza kumasulira mapepala akalewa. Osayang'ana liwulo palokha, yang'anani mneni amene lili naye. Likakhala ndi mneni wa zakale, makamaka koyambirira kwa chiganizo, ndi posakhalitsa. Likakhala ndi will kapena shall, monga kuti mlandu will presently be heard, ndi posachedwa, ukubwera. Likakhala ndi is kapena are ndiye panopa, ndipo mukalipeza lotere m'pepala la m'ma 1800 kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti pepalalo kapena wolembayo ndi wa ku Scotland, mwachitsanzo zotsatsa nyumba za lendi zonena kuti nyumbayo presently occupied ndi wakuti. Pali kenanso kamene kamapusitsa, mkonzi akalemba kuti as we shall presently see, sakunena za nthawi ya pa wotchi, akutanthauza kuti muona m'munsimu mukamapitiriza kuwerenga.

Nankhoma: Iiii ameneyo ndinakumana naye sabata yatha ndinangomudumpha kkkk. Ndiye poti mwayamba kundithandiza, m'nkhani yomweyi muli "on the 14th inst." ndi penanso "the 30th ult." ndimaganiza kuti ndi mayina a malo

Sabu Wakale: Ayi ndi madeti amenewo. Inst. ndi chidule cha instant, kutanthauza mwezi uno. Ult. ndi ultimo, mwezi watha. Palinso prox., proximo, mwezi wamawa. Ndiye muyang'ane deti la nyuzipepalayo pamwamba, ngati inatuluka mu June ndiye 14th inst. ndi 14 June, 30th ult. ndi 30 May. Koma chenjerani, mapepala akale ankakopera nkhani za anzawo osasintha kanthu, nde nkhani yochokera ku London ikafika mochedwa pa sitima nkusindikizidwa kwina mwezi wotsatira, inst. uja amakhala akunenabe mwezi umene inalembedwa koyamba.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo taonani instant yemweyo, amene pa khofi amatanthauza pomwepo, m'kalata ankatanthauza mwezi wathunthu.

Mjoni: Mapepala akalewa mukuwapeza kuti anthuni? ine ndimaganiza kuti mpaka upite ku Zomba ku National Archives

Nankhoma: A kwathu kuno eya, ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Koma akunja ambiri ali pa intaneti ulere, ine ndimalowa pa Trove ya laibulale yaikulu ya ku Australia, palinso Papers Past ya ku New Zealand ndi Chronicling America. British Newspaper Archive ndi yolipira nde imeneyo ndimangoisuzumira pawindo. Bandulo yokha ndi imene imalira

Nabanda ku Glasgow: Mukamafufuza za m'ma 1700 mulembenso "prefently" ndi f. Kale s wa pakati pa liwu ankasindikizidwa wamtali wofanana ndi f, nde kompyuta ikamawerenga mapepala amenewo imaona f. The Times ya ku London inasiya s wamtaliyo mu 1803. Ine ndinataya madzulo athunthu ndikudabwa kuti bwanji anthu akale sankalemba liwuli kenako nkuzindikira kuti ndikufufuza ndi sipelo yolakwika

Dolo wa Ndirande: prefently kkkkk ngati munthu wachotsedwa mano akutsogolo

Mjoni: Komabe ine funso langa silinayankhidwe bwinobwino. Mwana wanga akulemba kalata ya ntchito mwezi uno, ndimuuze achotse presently kapena asiye?

Sabu Wakale: Achotse, alembe I work as basi.

Aphunzitsi Opuma: Asiye ngati akufuna, si tchimo, madikishonale akuluakulu onse amavomereza tanthauzo limenelo. Ine chimene ndinkaletsa ana ndi kulemba presently ndi currently ndi at the moment m'chiganizo chimodzi ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

Sabu Wakale: Aphunzitsi mukumulekerera mwanayo, amene akawerenge kalatayo ali ndi makalata ena mulu pa tebulo

Aphunzitsi Opuma: Ndipo onsewo ali ndi presently a Sabu, ndiye sakamudabwa.

Mjoni: Nde mwandisiya pamphambano pomwe ndinali kkkk chabwino ndimuuza asankhe yekha

Nankhoma: Zikomo nonse, ndakonza. Ndalemba chonchi: "Anthu anayesetsa kuthira madzi koma moto unakula, ndipo posakhalitsa denga linagumuka." Ndinaganizanso zoika kenako mmalo mwa posakhalitsa poti pa wailesi kenako amatuluka msanga pakamwa, mukuona bwanji?

Sabu Wakale: Kenako akungonena kuti ichi chinatsatira icho, sakunena kuti padapita nthawi yochepa. Siyani posakhalitsa.

Che Mangochi: Kapena "pasanapite nthawi", ndi mmene akanafotokozera amayi anga

Aphunzitsi Opuma: Onse awiri ali bwino, tenga amene lilime lako likumukonda. Koma konza kumapetoko mwanangu, chimene chimagumuka ndi khoma. Denga limagwa.

Nankhoma: Iiii aphunzitsi mpaka Chichewa chomwe kkkk chabwino, linagwa. Ndikutumizirani ndime yachiwiri magetsi akayaka, muli liwu lina lakuti "directly" limene likundikayikitsanso